Mikanda yanga ikumata ndi kuchita chuku nyengo ya chiperoni, ndikulakwitsa pati?

WakuChitakale:

Moni nonse. Ndili kuno ku Mulanje, cha ku Chitakale, ndipo ndangoyamba kumene kuphunzira kupanga mikanda ya m'khosi, zibangili ndi ndolo, zongotayira nthawi madzulo ndi Loweruka. Kutunga mikanda yagalasi yogula kumsika ndikutha. Chomwe ndikufuna tsopano n'kudzipangira ndekha mikanda ya mapepala, ya njere ndi ya nsungwi, komanso kuphunzirako kupinda waya.

Koma zikundikanika. Mikanda ya mapepala a kalendala ndinaipaka vanishi masiku 5 apitawo, mpaka lero ikumata m'manja, ndipo ina yachita mbuu ngati yawazidwa ufa. Njere za bwemba zomwe ndinaboola zachita chuku m'mabowo, pomwe tiziduswa ta nsungwi tikutulutsa kaufa kachikasu ndikatigwedeza. Chibangili cha lasitiki chikumaduka pamfundo penipeni pasanathe sabata ziwiri. Waya wa kopa naye akusiya zobiriwira pakhungu. Kodi vuto ndi zipangizo zotchipa kapena ndi manja anga? Amene mumaidziwa ntchitoyi ndithandizeni, makamaka miyezo yake, chifukwa pa YouTube amangoonetsa zinthu zitatha kale bwinobwino.

MmisiriWaKuLuchenza:

Achemwali, manja anu alibe mlandu. Ena mwa mavuto mwatchulawo gwero lake ndi limodzi, chinyezi. A pa YouTube aja amagwirira ntchito m'nyumba zouma, inu muli patsinde pa phiri mwezi wa Juni, pomwe malaya oyanika m'mawa amafika madzulo asanaume. Ine nditenga za mapepala zokha, zinazo ayankha ena.

Kuchita mbuu kuja kawirikawiri ndi guluu, ngakhale vanishi naye amatero m'chinyezi. Guluu woyera wa matabwa akauma amaoneka ngati galasi, koma akakhala ndi madzi m'kati amabwerera kuyera. Mukapaka vanishi pamkanda woti kunja kwauma koma m'kati muli chinyontho, mwatsekera madziwo m'katimo, ndiye kuyerako kumaonekera pansi pa vanishi ndipo sikuchokanso. Kumata nako ndi vanishi wopaka mochindikala. Pamwamba pamauma kachikopa, pansi pake n'kukhalabe phala, mpweya osafikako. Kukazizira amatha sabata yonse ali choncho.

Tiyambire podula. Tengani pepala la kalendala, ikani chizindikiro pa masentimita 2 alionse m'mphepete mwa mbali imodzi. Kumbali inayo chizindikiro choyamba chikhale pa sentimita 1, kenako pa masentimita 2 alionse. Mukalumikiza zizindikirozo ndi rula mupeza tiziduswa tosongoka ngati mkondo. Choyamba ndi chomaliza zimakhala zopendekeka, zitayeni. Dulani ndi lezala yatsopano motsatira rula yachitsulo, sizasi imakhotetsa m'mphepete ndipo mkanda umatuluka wopotoka. Kutambalala kwa tsinde la kachiduswa ndiko kutalika kwa mkanda, pomwe kutalika kwa pepala ndi kukhuthala kwake ndizo zimanenepetsa mkandawo. Tsamba la magazini la masentimita 30 limapereka kamkanda kowonda, pafupifupi mamilimita 5 kapena 6 pamimba. Pepala la kalendala la masentimita 40 limafika cha m'ma 8. Mukafuna wobulungira ngati nsawawa, tsinde likhale sentimita 1 yokha, ndipo mukhoza kusanjikiza tiziduswa tiwiri n'kukulunga pamodzi.

Pokulungira, sipoko ya njinga ndiyo yabwino. Ndi ya mamilimita 2, yosalala, ndipo okonza njinga za kabaza amakhala nazo zothyoka zambiri. Ichotseni dzimbiri ndi sandipepa kaye. Masentimita 2 oyamba a pepala musapake guluu, apo ayi mkanda ukakamira kusipoko. Kulungani mothina, nsonga izikhala pakati nthawi zonse, ndipo guluu mupake kadontho pakati pa ulendo ndi kena pa masentimita 3 omaliza. Anthu ambiri amapaka pepala lonse, ndiye gwero la madzi aja.

Mukavula mkanda kusipoko usiyeni uume tsiku lathunthu. Kenako sungunulani guluu, masipuni 2 a guluu pa sipuni 1 ya madzi, n'kupaka kamodzi mopyapyala ndi kabulashi. Ntchito yake n'kuletsa vanishi kulowa m'pepala n'kulisandutsa ngati lagwera mafuta. Apa ndiye pofunika kudekha. Nyengo yotentha, Seputembala kapena Okutobala, maola 24 akwana. Nthawi ya chiperoni dikirani masiku 3, ndipo muyese ndi chikhadabo: mkanda wouma umalimba gwa, ukagwa patebulo umalira.

Vanishi wa polyurethane wa m'zitini za ku hadiweya amabwera wokhuthala. Tapani pang'ono m'kabotolo, osagwirira m'chitini chonse, ndipo pa masipuni 10 muthire sipuni 1 ya tapentaini. Musathire thinazi wa penti ya galimoto, ena amaundana naye. Werengani pachitini: ngati palembedwa kuti bulashi itsukidwe ndi madzi, ameneyo ndi wosungunula ndi madzi, tapentaini sakumufuna. Wa madziyo amauma msanga ndipo sasintha mtundu wa pepala, pomwe wa mafuta amachita kachikasu pakapita miyezi, zomwe zimakongoletsa mapepala ofiira ndi akhaki koma zimaipitsa oyera ndi abuluu. Tungani mikanda 15 kapena 20 pa nayiloni ya mbedza, viikani kamphindi, kwezani, gwedezani kuti otsala agwe, n'kupachika. Pakatha ola limodzi isuntheni umodziumodzi kuti isagwirane, ndipo kadontho kolendewera kumkanda wapansi mukachotse ndi kansalu. Muviike katatu mopyapyala, pakati pake pazidutsa tsiku lathunthu, masiku awiri kukakhala mitambo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kukakhala kuti dzuwa lasowa sabata yonse, pangani kabokosi koumitsira. Katoni yaikulu, timabowo pamwamba ndi pansi, babu lakale lija lotentha la mawati 40 lili pansi losakhudza katoni, mikanda ikulendewera masentimita 20 pamwamba pake. Babu la LED silitentha, silithandiza. Musalisiye loyaka mukuchoka panyumba. Pambaula ndiye musayandikize n'komwe, vanishi wosauma amayaka ngati parafini.

Yomwe yachita mbuu kale ija singabwerere. Yongomata yokha ipukuteni ndi kansalu ka tapentaini kuti chikopa chapamwamba chichoke, muisiye masiku 4, muyambirenso.

GogoWaMikanda:

Mwanawe, za mapepala akuuzani bwino bambo a ku Luchenza. Njere ndi nsungwi zili ndi khalidwe lina chifukwa ndi chakudya cha tizirombo. Kaufa kachikasu kaja ndiye kuti nsungwi yafumbwa, tizirombo tili m'kati tikudya. Ukangopaka vanishi pamwamba ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nsungwi yaing'ono, yobiriwira bii, imakhala ndi chakudya chambiri chomwe tizirombo timafuna. Sankhani yokhwima, ya zaka 3 kupita m'tsogolo, yomwe khungu lake layamba kutuwa, ndipo mudule m'chilimwe. Pamikanda mumafuna nthambi zake zing'onozing'ono, zonenepa ngati pensulo kapena kucheperapo, chifukwa bowo lilimo kale. Mangani mtolo, muuviike m'madzi oyenda sabata 3 kapena 4 mutautsamiritsa mwala kuti chakudya chija chisukuluke. Kuno mitsinje sisowa. Mukavuula yanikani pamthunzi podutsa mphepo, padzuwa lamphamvu imang'aluka, kenako muiike patsindwi la khitchini pofika utsi kwa sabata ziwiri. Utsi umaumitsa, umathamangitsa tizirombo, n'kupatsanso mtundu wofiirira wokongola. Podula gwiritsani sowo yodulira zitsulo, ya mano ang'onoang'ono, ndipo muzizunguliza nthambiyo mukudula. Mukadula kuchokera mbali imodzi mpaka kutulukira, khungu limasadzuka kumapeto. Tiziduswa ta sentimita 1 kapena 2, m'mphepete mukwechese pa sandipepa wa nambala 220 kuti musadzadule chingwe.

Njere za bwemba n'zolimba, zouma siziboleka ndi singano. Tsukani zotsalira za chipatso zonse zichoke, chifukwa chuku chimayambira pamenepo. Wiritsani mphindi 10 kapena 15, tengani imodzi muyese ndi singano yosokera matumba. Ikalowa, phulani. Mukapitiriza kuwiritsa khungu lake lofiirira limasupuka, mutsala ndi njere yoyera yosaoneka bwino. Boolani zikadali zofunda, ndipo pompo muzitunge pawaya wosachita dzimbiri. Mukaziyanika zopanda waya bowo limatsekeka pouma. Zikhale padzuwa masiku 5 mpaka 7, tsiku lililonse muzizisuntha pawayapo, madzulo n'kuzilowetsa m'nyumba mame asanagwe. Chuku chanu chija chabwera chifukwa njere zinamwa madzi powiritsa ndipo m'bowo simunaume. Ntchito imeneyi ndi ya Seputembala ndi Okutobala. M'miyezi ya chiperoni ingotungani zomwe munakonza kale.

Njere zomwe simuwiritsa, monga za msambamfumu zakuda za chipewa chofiira zija, ikani m'jumbo youma, mangani, muike mufiriji mbali youmitsa nyama kwa sabata yathunthu kuti mazira a tizirombo afe. Magetsi akathima tsiku lonse yambaninso kuwerenga. Potulutsa musamasule jumbo mpaka itafunda, apo ayi njere zichita thukuta. Msambamfumu umafuna dirilo ya mamilimita 1.5, ndipo muboole chammbali pansi pa chipewacho, chifukwa mukadutsitsa pachipewa chimagumuka.

Pali njere ziwiri zomwe musaziyerekeze ngakhale zikongole bwanji. Zina ndi tinjere tofiira piriwiri ta kadontho kakuda, tomera pachomera choyanga m'tchire. Tili ndi poizoni woopsa, ndipo ngozi yake imakula tikabooledwa, singano ikakulasani kapena mwana akatafuna. Zina ndi nsatsi. Pakhomo pa ana ang'ono, mkanda wa njere iliyonse usamasiyidwe pofikira.

Anzathu a ku Thyolo ali ndi chuma china chomwe chimangotayidwa, zigoba za makademiya. N'zolimba kuposa matabwa ambiri, sizifumbwa msanga, ndipo zikakwechedwa zimawala zokha. Sankhani zosweka pakati bwinobwino, ziwiri zofanana zikhale ndolo. Boolani bowo mamilimita 3 kuchokera m'mphepete, chigoba chitagona pathabwa, dirilo ikulowera mbali ya m'kati kuti isaterereke. Kwechani ndi sandipepa wa 120, kenako 220, kenako 400. Mukadumpha nambala mikwingwirima imatsala. Pomaliza pakani phula la njuchi losungunula pamoto wochepa, sipuni 1 ya phula pa masipuni 3 a mafuta odzola ana aja oyera. Mafuta ophikira ayi, amasasa n'kuyamba kununkha, chuku n'kubweranso.

Mtundu usakuvuteni, tili pakati pa minda ya tiyi. Masipuni 4 a masamba a tiyi m'madzi theka la lita, wiritsani mphindi 10, viikani nsungwi kapena tiziduswa ta thabwa usiku wonse, mupeza mtundu wakhofi. Mukafuna wakuda, ikani kachiduswa ka sitiluwulu m'kapu imodzi ya viniga masiku 3, chivundikiro chosamanga kwambiri chifukwa mumatuluka mpweya. Sefani, pakani pamwamba pa zomwe zamwa tiyi zija, ndipo muona zikuda pamaso panu. Chitsulo chimagwirana ndi kuwawa kwa m'tiyi kuja. Nsungwi yosakwecha khungu simwa mtundu, ikwecheni kaye.

Wina akakubweretserani tiziduswa ta mkungudza kuti ndi tonunkhira, kanani. Ndi mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu m'phirimu, ndipo kuudula n'koletsedwa. Akalipentala amataya zidutswa za mbawa ndi mlombwa tsiku lililonse, zikukwanirani.

WakuChitakale:

Zikomo kwambiri agogo ndi inu bambo, ndaona pomwe ndimaphonya. Nsungwi zija ndinadula zanthete, ndiye ndingozitaya. Nanga za lasitiki ndi waya? Pamfundo ndimadonthezapo supagulu kuti isamasuke. Komanso ndolo ndingapange ndekha ngowe zake zolowa m'khutu ndi waya wa kopa yemweyu?

WayaNdiPulayala:

Achemwali, supagulu ameneyo ndiye akukudulirani lasitiki. Akauma amalimba ngati galasi, ndiye pomwe pathera guluu n'kuyamba lasitiki wofewa pamakhala ngati mpeni, mukakoka kangapo pamaduka. Tengani lasitiki wa mamilimita 0.8 pamikanda ya mamilimita 6 mpaka 8, wa 0.5 ndi wa timikanda ting'onoting'ono basi. Dulani motalika masentimita 10 kuposa muyezo wa dzanja, mumukoke mwamphamvu kanayi musanatunge kuti atambasukiretu, apo ayi chibangili chimadzakhwepa pakatha mwezi. Mfundo yake: pingasani nsonga kamodzi n'kukoka, pingasaninso koma ulendo uno mulowetse nsonga kawiri, kokani nsonga ziwirizo, kenako kokaninso mbali za chibangili kuti mfundo ikhazikike. Kadontho ka kyutekisi woyera, wopanda mtundu uja, n'kokwanira, ndipo mfundoyo muibise mumkanda wa bowo lalikulu. Mikanda yagalasi yotchipa ina imakhala yakuthwa pabowo, iyeseni poikhukhuza paulusi wosokera, ikadula ulusi idulanso lasitiki. Muyezo: zungulizani tepi padzanja, onjezani sentimita 1.5. Dzanja la masentimita 16.5 lifuna chibangili cha 18, yomwe ndi mikanda 22 kapena 23 ya mamilimita 8. Povala muzichigubuduza pazala, osachikoka ngati legeni.

Tsopano waya. Gulani wa magetsi ku hadiweya pa mita, kapena zotsala kwa okonza magetsi odziwika. Waya wamaliseche wogulitsidwa m'makwalala musagule, wina ndi wobedwa pamapolo ndi m'matransifoma, mungalowe m'mlandu chifukwa cha ndolo. Chikopa chake sendani ndi mpeni, musawotche, utsi wa pulasitiki ija ndi woipa m'chifuwa ndipo kopa amatuluka wakuda. Nambala zolembedwa pawaya si kunenepa kwake. Wolembedwa 1.5 wa mtima umodzi ndi wonenepa pafupifupi mamilimita 1.4, woyenera mphete. Wa 2.5 ndi pafupifupi 1.8, wa zibangili. Wa 4 wokhala ndi timawaya 7 m'kati, kalikonse ndi ka mamilimita 0.85, ndipo ameneyu ndiye wa ntchito zambiri: timphete tolumikizira, zolendewera za ndolo, ngowe za kumbuyo kwa khosi. Timawaya tonga tsitsi ta m'chingwe cha ayironi kapena wailesi n'tokulungira.

Kopa ali ndi khalidwe loti mukamamupinda kapena kumusula amanka nalimba, mpaka amathyoka. Akayamba kukana, muikeni pamakala a mbaula mpaka afiire pang'ono, muchitire madzulo kuti muone kufiirako, mumutole ndi pulayala n'kumuponya m'madzi. Amafewa ngati chingwe. Woonda wa 0.85 mumukulunge kankhata kaye ndipo musamuchedwetse pamoto, amasungunuka. Waya wa m'mota za mafani ali ndi utoto wake, ameneyo sapita pamoto. Kuda kwa pamoto kumachoka ndi theka la kapu ya viniga ndi tiyisipuni 1 ya mchere, mphindi 10, kapena madzi a ndimu ndi mchere. Mukatero tsukani m'madzi a soda wophikira, tsukuluzani, pukutani mpaka aume. Mchere ukatsalira, m'chinyezi cha kuno mawa lake mupeza wabiriwira kuposa poyamba. Khalidwe lomwelo limathandizanso: chinthu mukamaliza kupinda, chigogodeni pang'ono ndi hamala pachitsulo chosalala kuti chilimbe chisamawongoke.

Timphete tolumikizira kulungani waya mothithikana pamsomali wa mainchesi 4, maulendo 20, vulani, dulani motsata mzere umodzi. Pulayala yodulira imasiya mbali imodzi yosalala, ina yosongoka, ndiye muzitembenuza pulayala kuti nsonga zonse ziwiri zikhale zosalala, zikumane popanda mpata. Potsegula kamphete musakanule ngati mukuyasamula pakamwa, sikabwereranso mwakale. Gwirani ndi mapulayala awiri, mbali ina ipite kutsogolo ina ibwere kwa inu, potseka chimodzimodzi. Pulayala ya milomo yobulungira ikasowa, khomani misomali iwiri pathabwa motalikirana mamilimita 2, dulani mitu yake, muzipindira pamenepo. Mano a pulayala wamba akulungeni tepi ya magetsi kuti asalume waya.

Chibangili chopota: mawaya awiri a 2.5 ofewetsa kale, masentimita 25 aliyense chifukwa kupota kumafupikitsa. Mbali ina mangani pamsomali wokhoma, ina muike m'kamwa mwa dirilo, kokani kuti akungike, zungulizani pang'onopang'ono. Mukalekerera kukoka amapanga mfundo. Dulani masentimita 16, sulani pang'ono kuti aphwatalale, nsonga muzisalaze ndi tupa, pindirani pabotolo laling'ono, musiye mpata wa zala ziwiri wolowetsera dzanja. Mukafuna aoneke wachikale, muikeni m'jumbo limodzi ndi dzira lowiritsa lotentha lophwanyaphwanya, osakhudzana, mangani maola angapo. Mpweya wa dzira umamudetsa, kenako mukwecha pamwamba ndi sitiluwulu, kuda n'kutsala m'mipata.

Zobiriwira pakhungu ndi kopa akakumana ndi thukuta, sopo kapena mafuta odzola. Si matenda, zimachoka ndi madzi. Pakani kyutekisi woyera kawiri m'kati mwa mphete, muzibwereza akayamba kusupuka.

Ngowe za m'khutu kupanga kwake n'kosavuta: masentimita 5 a waya wa 0.8, kadiso kumapeto, kupindira pabolopeni, nsonga kuisalaza ndi tupa mpaka isakande chala. Koma langizo langa ndi loti mugule za chitsulo chosachita dzimbiri (stainless steel) m'mashopu a zosokera ku Limbe kapena ku Blantyre. Kopa m'bowo la khutu amadetsa, ndipo khutu longoboola kumene sayenera kulifika. Zotchipa zonyezimira ngati golide zambiri zili ndi chitsulo chotchedwa nickel pansi pa utoto, utotowo ukasupuka khutu limayabwa n'kutuluka madzi. Ndolo imodzi isalemere kupitirira magalamu 5 kapena 6, yolemera imakoka bowo.

MayiAMapasa_Bvumbwe:

Onse anena zoona, koma pa kyutekisi ine nditsutsako pang'ono, achimwene. Pamfundo ali bwino. Pamphete yovala tsiku lililonse, munthu akutsuka mbale ndi kuchapa, sakhalitsa, ndipo mukamupaka kunja kukuchita nkhungu nayenso amayera mbuu ngati vanishi uja. Phula lomwe anena agogo lija limagwira bwino pakopa wofunditsa pang'ono padzuwa, n'kupukuta ndi nsalu. Silisupuka zigambazigamba, limangotha pang'onopang'ono, mumapakanso.

Chomwe sichinatchulidwe ndi chingwe cha mkanda wa m'khosi, ndipo mikanda yambiri yokongola imathera pomwepo. Lasitiki m'khosi ayi, kulemera kumamutambasula. Nayiloni ya mbedza ya mamilimita 0.40 kapena 0.50 imakwana pamikanda ya mapepala ndi nsungwi. Ya 0.25 ndi ya timikanda tagalasi ting'onoting'ono toluka, pomwe chingwe chimadutsa mumkanda umodzi kawiri kapena katatu. Nayiloni ndi yoterera, mfundo imodzi siigwira. Mangani katatu pakamphete ka loko, bwezani nsonga m'mikanda 4 kapena 5, mangani ina pakati pa mikanda, dulani kusiya mamilimita 3, n'kuyandikiza machesi kuti nsonga ipange kamutu. Kuyandikiza, osati kugunditsa lawi. Ndipo musamange mkanda uli chowongoka patebulo. Upindeni mozungulira monga ukhalira m'khosi, musiye mpata wa mamilimita 2 kapena 3, ndiye mumange. Womanga chowongoka mothina umauma gwa ngati ndodo, ukapindika chingwe chimaduka. Nayiloni yatsopano imabwera yopotana, iviikeni m'madzi otentha mphindi imodzi n'kuikoka, iwongoka.

Njere ndi zigoba zimadya nayiloni pabowo. Pamenepo ulusi wosokera nsapato ndi wabwino, uwiri, wopaka phula, ndipo pakati pa njere iliyonse muike kamkanda kagalasi kapena mfundo. Mukaika mfundo, ulusi ukadzaduka igwa njere imodzi, osati zonse kumwazika m'minibasi. Ulusi womwewo ndi woyenera mikanda ya m'chiuno, yomwe imakumana ndi madzi tsiku ndi tsiku.

Miyezo yake, wogwira khosi ndi masentimita 40, wofika pafupa la pachifuwa 45, ndipo wopanda loko wongodutsitsa kumutu usachepere 65, muganizirenso tsitsi loluka ndi duku. Timikanda tagalasi tili ndi manambala obwerera m'mbuyo, nambala ikakula mkanda umachepa: 11/0 ndi pafupifupi mamilimita 2, 8/0 ndi 3, 6/0 ndi 4. Musanagule yambiri tengani kapaketi kamodzi, viikani pang'ono m'madzi a sopo ofunda usiku wonse, m'mawa mupukute pansalu yoyera. Ina ndi galasi lamtundu mpaka m'kati, ina ndi yongopaka utoto pamwamba, makamaka yapinki, yapepo ndi yagolide, ndipo imeneyo imasuluka n'kudetsa bulauzi. Ikamayandikira Okutobala, anthu akukonzekera Mulhako wa Alhomwe ku Chonde, mikanda imafunidwa kwambiri, ndiye yesani ndi kugula yanu mwezi wa Ogasiti zinthu zisanavute.

Luso lina losavuta kuyamba nalo m'miyezi yozizirayi, poti silifuna vanishi, ndi la zidutswa za chitenje kwa atelala. Dulani mizere ya masentimita 2 mopingasa nsalu, kuchokera ngodya kupita ngodya, osati motsata ulusi. Yodula mopingasa imatamuka pang'ono, imagona bwino pozungulira ndipo siyoyoka m'mphepete. Pindani mbali imodzi mamilimita 5, sitani, kulungani pachibangili chakale chapulasitiki, mbali yopindayo ikuphimba yosapinda, kadontho ka guluu pa maulendo atatu alionse ndipo kokha m'kati. Chibangili chimodzi chimadya pafupifupi mita imodzi ndi theka, kutengera kunenepa kwake. Chitenje chatsopano chichapeni kaye, chili ndi sitachi yomwe imakana guluu. Zitsekerero za mabotolo zokutira nsalu zimapanga ndolo zabwino, koma kuno zimachita dzimbiri lomwe limatulukira pansalu. Zipakeni penti mbali zonse, pamodzi ndi pabowo mwaboolapo, ziume musanazikute.

MmisiriWaKuLuchenza:

Mayi a ku Bvumbwe akumbutsa za dzimbiri, ndiye ndiwonjezere kasungidwe. Zomalizidwa musazipachike pamsomali kukhoma la kuchipinda, makoma a kuno amatuluka thukuta kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndi nthawi ya chiperoni yomwe. Ikani m'mabotolo agalasi a chivundikiro chothina, chilichonse m'kajumbo kake, zitsulo pazokha, njere pazokha. M'botolo lililonse muponyemo timapaketi toyamwa chinyezi ta silica gel topezeka m'makatoni a nsapato zatsopano, kapena kakala kouma kokulunga m'pepala. Timapaketito timakhuta madzi, ndiye mwezi uliwonse mutiyanike padzuwa lamphamvu pamalata, makalawo n'kusintha. Mikanda ya vanishi isalowe m'botolo pasanathe masiku 7 chiviikireni komaliza, ngakhale ikuoneka youma, chifukwa imagwirana n'kusupulana. Muinunkhize kaye, ikamamvekabe tapentaini ibwezeni pachingwe.